CAKUDYA CA ANTHU A PAULENDO: ABEDOUIN NDI ANGONI A MPEZENI

Pamene ndinali mwana wa sukulu ku misyoni, aphunzitsi athu anatiuza za Abedouin, ndiwo Aluya a m'zipululu za Arabia, Sinai ndi Jordan. Makolo a anthu amenewa sanali kumanga midzi. Anali kukhala m'mahema oombedwa ndi ubweya wa mbuzi, nasamukasamuka ndi ngamila, nkhosa ndi mbuzi zao kulondola msipu ndi zitsime. Cakudya cao cinali mkaka, zipatso za kanjedza ndi mkate woocha m'phulusa. Mkaka wina anali kuusasitsa, nauthira mcere, nauumitsa padzuwa mpaka ulimbe ngati mwala, kuti usaonongeke panjira. Nyama anali kudya patalipatali, makamaka pakafika mlendo, amene mwa mwambo wao anasungidwa masiku atatu asanamfunse cimene wadzera. Lero ambiri a iwo anakhazikika m'midzi ndi m'mizinda.

Nditafotokoza zimenezi kwathu, agogo anga anaseka nati, "Mdzukulu wanga, wakafuna kutali cinthu ciri pakhomo. Nanga makolo ako Angoni ankadyanji panjira?" Mau amenewa sindinawaiwale, ndipo m'zaka zanga za ukalaliki wa Boma kuno ku Chipata ndafunsa akuluakulu ambiri za nkhaniyi.

Angoni anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, mtsogoleri wao ali Zwangendaba. Iye anafera ku dziko la Afipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, ndipo mtundu unagawikana. Mwana wace Mpezeni anabwerera kumwera, nakhala zaka pakati pa Ansenga, potsiriza nadzamanga pa mapiri ano, pamene ng'ombe zikhala bwino popanda kashembe wa ku cigwa ca Luangwa. Tisaiwale kusiyana kwace: Abedouin anayenda cifukwa ca cilala, koma Angoni cifukwa ca nkhondo, ndipo poima anali kulima mapira ndi mawere, kapena kulanda nkhokwe za eni dziko. Komabe lamulo la ulendo ndi limodzi: munda sungaunyamule, koma ng'ombe imadziyendera yokha.

Cifukwa cace khola, limene iwo anacha cibaya, linali pakati peni peni pa mudzi, nyumba ziri mozungulira. Pamenepo amuna anaweruza mirandu, ndipo ng'ombe zomwezo zinali malowolo. Cakudya colemekezeka cinali amasi. Anyamata atakama, mkaka unathiridwa m'cipanda cace cace, nukhala mpaka ugwirane. Tsono anakhetsa madzi ace, natsala ndi zolimba zoyera, zodya pazokha kapena zosakaniza ndi nsima yozizira. Mwa mwambo umene anacoka nao kumwera, amasi anali a pa cibale. Mkamwini kapena mtengwa watsopano sanali kungowadya m'mudzi wa eni. Ng'ombe ikaphedwa, mwazi sunatayidwe, koma unaphikidwa nukhala uwende, ndipo ciwalo ciri conse cinali ndi mwini wace monga mwa ukulu.

Zinthu ziwiri zinasintha madyedwe amenewa. Coyamba ndi akazi. Angoni anakwatira Ansenga ndi Acewa ambiri, ndipo mwana amalankhula ndi kudya monga amace. Cingoni cinatsala m'nyimbo ndi m'zithokozo za mafumu, ndipo mphika wa nsima ya cimanga, ndiwo za nkhwani ndi nsinjiro unalowa m'nyumba iri yonse. Caciwiri ndi nkhondo ya mu January 1898, pamene asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Mudzi wopanda khola sukhala ndi amasi. Anyamata amene akadakhala abusa anayamba kupita ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama za msonkho. Mpezeni anamwalira mu 1900.

Mwambo wa Nc'wala unaleka caka ca nkhondoyo, nuyambanso mu 1980. Ucitika ku Mtenguleni kumapeto kwa February. Kumeneko Inkosi ya Makosi ilawa zakudya zoyamba za m'munda, ndiponso imwa mwazi wa nkhunzi yakuda yolasidwa ndi nthungo. Ndikaona zimenezi ndiona mbiri yathu yonse pa bwalo limodzi: dzungu ndi cimanga za mlimi, pamodzi ndi ng'ombe ya munthu wa paulendo.

Koma Nc'wala idza kamodzi pa caka, ndipo odziwa kusunga cipanda ca amasi akutha. Ine ndemwe sindinafunse agogo anga zonse asanatisiye. Tsono inu owerenga amene mukali ndi nkhalamba pamudzi, khalani nazo pansi, muzifunse za cakudya ca makolo, ndipo mulembe zimene zikuuzani.