Dokotala mmodzi, mayeso awiri: nkhani ya COMLEX ndi USMLE ku America

Lachinayi lapitali, titangomaliza phunziro la kayezedwe ka kutentha, mtsikana wina wa Fomu 4 anatsalira mu labu anzake atatuluka. Ndinkaganiza kuti akufuna ndimubwerezere masamu a mathemomita, koma ayi, funso lake linali la kunyumba. Msuweni wake amene akuphunzira udokotala ku America analemba mayeso aakulu, ndiye patangopita milungu iwiri anauza abale kuti akukonzekeranso ena. Kumudzi mbiri inali itawanda kale kuti mwana uja walephera, akubwereza. "Aphunzitsi, kodi n'zoona kuti oyambawo analakwa?"

Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha: msuweni wakoyo akadzamaliza, kutsogolo kwa dzina lake kudzalembedwa zilembo ziti, MD kapena DO? Atayankha kuti DO, ndinamuuza kuti akawauze agogo ake agone tulo. Kwa wophunzira wa DO, kulemba mayeso kawiri si umboni woti walephera. Anzake ambiri amachita chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake chikukhudza phunziro lomwe tinali titangomaliza lija.

Ku America kuli mitundu iwiri ya madokotala. Ena amatuluka ndi digiri ya MD, ena ya DO, chidule cha Doctor of Osteopathic Medicine. Onsewa amapima odwala, amalemba mankhwala, amachita opaleshoni, ndipo lamulo limawazindikira mofanana m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Masiku ano pa ophunzira udokotala anayi alionse ku America, mmodzi amakhala wa DO. Koma samalani: ku Britain munthu wotchedwa osteopath si dokotala wa m'chipatala ayi, ntchito yake ndi yothandiza anthu ndi manja basi. Dzina n'lofanana, ntchito n'zosiyana.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Andrew Taylor Still, dokotala amene mu 1864 anataya ana atatu a m'banja mwake ndi matenda oumitsa khosi. Mankhwala a nthawi imeneyo anali oopsa ndithu. Odwala ankamwetsedwa mankhwala okhala ndi mekyule, yemweyu ali mu themomita amene ndimakuletsani kukhudza ikasweka. Still anataya nawo chikhulupiriro, nayamba kuphunzitsa kuti matenda ambiri amayamba chifukwa mafupa ndi minofu sizinakhale m'malo mwake, ndipo kuti dokotala angachize pokonza thupi ndi manja. Mu 1892 anatsegula sukulu ku Kirksville, m'chigawo cha Missouri. Ndinene mosabisa: ganizo loti matenda ambiri amachokera ku mafupa, sayansi sinalivomereze. Malungo sangathe poti munthu wamuwongola msana. Sukulu za DO nazo zinasintha pang'onopang'ono, moti lero zimaphunzitsa zomwezo zimene a MD amaphunzira, kungowonjezerapo maola pafupifupi 200 a luso la manja lija. Lusoli limathandiza ena, makamaka odwala msana, koma pali mbali zake zina zimene umboni wake ndi woperewera.

Ulendo wa udokotala kumeneko ndi wautali. Munthu amayamba wapeza digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenako zaka zinayi ku sukulu ya udokotala. Akamaliza, sangayambe kugwira ntchito payekha. Ayenera kulowa residency, maphunziro a pantchito m'chipatala, pansi pa madokotala akuluakulu, kwa zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri malinga ndi nthambi imene wasankha. Wosapeza malo a residency amakhala ndi digiri m'manja, ngongole ya sukulu pamsana, koma alibe chilolezo chogwira wodwala payekha. Apa ndi pamene mayeso amalumira.

Ophunzira a MD amalemba mayeso otchedwa USMLE, amene ali ndi magawo atatu: Step 1, Step 2 CK ndi Step 3. A DO ali ndi awoawo otchedwa COMLEX-USA, okonzedwa ndi bungwe la NBOME, nawonso a magawo atatu: Level 1, Level 2-CE ndi Level 3. Gawo loyamba limafunsa kwambiri za sayansi ya thupi, lachiwiri za kupima ndi kuchiza odwala, lachitatu ambiri amalemba atalowa kale residency. Gawo loyamba ndi lachiwiri, lililonse ndi la tsiku lathunthu pa kompyuta, mafunso mazanamazana. Inu mumadandaula ndi pepala la maola awiri la MSCE!

Lamulo lake n'losavuta. Wophunzira wa DO sangalandire digiri asanakhoze Level 1 ndi Level 2-CE, ndipo COMLEX payokha ndi yokwanira kuti adzalandire chiphaso cha udokotala kulikonse ku America. Palibe lamulo lomukakamiza kulemba USMLE. Komabe oposa theka la ophunzira a DO amailemba, pa ndalama zawo, ndipo gawo lililonse mtengo wake ndi madola oposa 600. Munthu wanzeru zake angadzifunirenji mavuto oterowo?

Kale a DO anali ndi malo awoawo a residency, oyang'aniridwa ndi bungwe lawo la American Osteopathic Association. Kuyambira 2015 mpaka 2020 malowa anaphatikizidwa ndi a MD pansi pa bungwe limodzi la ACGME. Tsopano onse amapikisana pa bwalo limodzi. Mkulu woyang'anira residency pa chipatala china atha kulandira makalata ofunsira malo mazana ambiri, mwina oposa chikwi, pomwe malo ali 10 okha. Sangawerenge onse bwinobwino. Chimene ambiri amachita ndi kusefa ndi malikisi. Ndiye pamaso pake pali manambala a mitundu iwiri. Malikisi a Step 2 CK sapitirira 300, ndipo wophunzira wapakatikati wa ku America amapeza pafupifupi 250. Pa Level 2-CE, munthu amakhoza akafika 400, ndipo 500 kapena 600 si nambala yachilendo. Tiyerekeze wina wabwera ndi 250, wina ndi 560. Waposa mnzake ndani? Mkulu amene anaphunzira MD, amene moyo wake wonse wazolowera manambala a USMLE, 560 uja samulankhula kanthu. Choipa kwambiri n'chakuti ngati wauza kompyuta kuti imuonetse okhawo amene apitirira malikisi akutiakuti pa USMLE, amene sanalembe USMLE saonekera n'komwe, kaya ndi wanzeru chotani.

Ndikudziwa zimene a Fomu 3 mukuganiza: bwanji osangosintha nambala inayo ngati mmene timachitira ndi Celsius ndi Fahrenheit? Tenga 37, chulukitsa ndi 1.8, wonkhetsa 32, wapeza 98.6, nkhani yatha. Funso labwino, ndipo apa ndikufuna tichedwepo pang'ono.

Masamu amenewo amatheka chifukwa mathemomita onse awiri akuyeza chinthu chimodzi. Ukawaviika m'kapu imodzi ya madzi, onse akuuza za kutentha kwa madzi omwewo, kungosiyana kalembedwe ka manambala. Mukajambula galafu ya Celsius ndi Fahrenheit, madontho onse amagwera pa mzere umodzi woongoka, popanda lopatuka ngakhale limodzi. Mayeso awiriwa sali choncho. Mafunso ake amalembedwa ndi anthu osiyana, kafunsidwe n'kosiyana, ndipo COMLEX ili ndi mafunso a luso la manja lija amene mu USMLE mulibe. Akatswiri ayesapo kutenga ophunzira amene analemba onse awiri n'kuika malikisi awo pa galafu. Chimene chimatuluka si mzere, ndi gulu la madontho omwazikana ngati mtambo wopendekera m'mwamba. Wokhoza bwino uku nthawi zambiri amakhozanso bwino uko, inde, ndipo utha kujambula mzere wodutsa pakati pa madonthowo ngati mmene timachitira poyesa kutanuka kwa sipuling'i. Koma ophunzira awiri amene apeza malikisi ofanana pa COMLEX atha kusiyana ndithu pa USMLE. Mzerewo umanena zoona za gulu, koma za munthu mmodzi umangopenekera.

Palinso vuto lina lobisika. Madontho a pa galafuyo ndi a anthu amene anasankha okha kulemba mayeso onse awiri, ndipo kawirikawiri amakhala odzidalira, ofuna nthambi zovuta kulowa. Amene sanalembe USMLE mu galafumo mulibe. Zili ngati kuyeza msinkhu wa osewera netibo okha n'kumati wadziwa msinkhu wa atsikana onse pasukulu.

A NBOME ali ndi njira yosinthira malikisi kuti aonetse kuti pa olemba 100 alionse, wophunzira waposa angati. Zimathandiza, koma kumbukirani kuti magulu olemba mayeso awiriwa ndi osiyana. Kukhala nambala 5 m'kalasi mwanu ndi kukhala nambala 5 m'kalasi ya sukulu ina si chinthu chimodzi, pokhapokha mutadziwa kuti m'makalasimo muli ndani.

Ngakhale titasiya COMLEX pambali, chida chilichonse choyezera chili ndi polekezera. Eni ake a USMLE amanena okha kuti malikisi a Step 2 CK atha kusuntha ndi mapointi pafupifupi 6 kupita m'mwamba kapena pansi munthu yemweyo atapatsidwa mafunso ena. Ndiye wopeza 245 ndi wopeza 249, kunena kuti wachiwiriyu ndi woposa kuli ngati kuyeza kuchindikala kwa pepala limodzi ndi rula ya matabwa. Mayesowa anapangidwa kuti ayankhe funso limodzi: kodi munthuyu akudziwa zokwanira kuti tim'patse odwala? Sanapangidwe kuti azisanja anthu pamzere kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mu January 2022 Step 1 inasiya kupereka manambala, n'kumangoti wakhoza kapena walephera, ndipo COMLEX Level 1 inatsatira mu May chaka chomwecho. Koma osefa aja sanasiye kusefa. Anangotembenukira ku Step 2 CK ndi Level 2-CE, kumene manambala akadalipo.

Wophunzira wa DO ndiye amakhala pansi n'kuwerengera. Ngati akufuna kudzakhala dokotala wa mabanja kapena wa ana, malo ndi ochuluka ndipo zipatala zambiri zimalandira COMLEX popanda vuto. Ngati akufuna za khungu, opaleshoni ya mafupa kapena ya ubongo, kumene anthu amalimbirana malo ochepa, alangizi ambiri amamuuza kuti alembenso USMLE kuti nambala yake iwerengeke. Si ndalama zokha zimene amaika pachiswe. Akalemba n'kulephera, kulepherako kumalembedwa pa chikalata cha zotsatira zake za USMLE, ndiye mayeso amene palibe anam'kakamiza aja amasanduka chilema. Mu 2018 bungwe la American Medical Association linagwirizana zolimbikitsa kuti mayeso awiriwa azilandiridwa mofanana, koma ilo silisankhira chipatala chilichonse ophunzira. Kwa ine, kulipiritsa munthu kawiri chifukwa wowerenga sadziwa kuwerenga sikelo yachiwiri si chilungamo. Koma ndikanakhala mphunzitsi wa msuweni uja, akufuna nthambi yovuta kulowa, ndikanamuuza kuti alembe. Kukwiya ndi sefa sikukudutsitsa pa sefayo.

Pomaliza pa zonsezi pamabwera chimene amachitcha Match. Ophunzira amalemba mndandanda wa zipatala zimene akufuna, zipatala nazo zimalemba mndandanda wa ophunzira amene zawakonda, ndipo kompyuta imalumikiza mbali ziwirizi. Olowa nawo amaposa 40,000 pa chaka, ndipo zotsatira zimatuluka mu March. Okonda masamu, dziwani kuti njira yolumikizirayi ndi yomwe Alvin Roth anathandiza kukonza, ndipo iye ndi Lloyd Shapley analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2012 chifukwa cha masamu a mtundu umenewu. M'zaka zaposachedwapa, pa ophunzira 10 alionse a DO a chaka chomaliza, pafupifupi 9 amapeza malo. Choncho vuto la ambiri si kusowa malo, koma kuti ndi nthambi iti komanso chipatala chiti.

Kwa inu amene mukulota udokotala kuno kwathu, COMLEX si yanu, imalembedwa ndi ophunzira a sukulu za DO okha. Amene wamaliza MBBS ku KUHeS n'kufuna residency ku America, njira yake ndi USMLE, kudzera ku bungwe la ECFMG limene limatsimikizira mapepala a madokotala ophunzira kunja kwa dzikolo. Mu Match amakapikisana ndi a MD ndi a DO omwe aja.

Lolemba mtsikana uja anandipezanso pakhomo la labu. Anali atafunsa ndithu: msuweni wake akufuna opaleshoni ya mafupa, ndipo amene analemba poyamba aja anali Level 2-CE, achiwiriwo Step 2 CK. Agogo atafotokozeredwa anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti ndiye ndalama za mayeso achiwiriwo walipira ndani.