Kugulitsa Telesikopu Yakale: Mtengo Wake Uli m'Galasi Lakutsogolo

Ku Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje momwe mudadutsa njanje yochokera ku Balaka kupita ku Salima, magetsi ndi ochepa ndipo usiku mlalang'amba umaoneka bwino lomwe. Dera lotere ndi loyenera telesikopu, makina aja oonera nyenyezi. Koma chigwa chomwecho n'chotentha, dzinja lake n'lachinyontho, ndipo chinyontho ndiye mdani wa galasi. Choncho munthu wa kumeneko amene ali ndi telesikopu yakale, kaya adaigula kwa mphunzitsi wopuma pantchito kaya adamsiyira ndi malume ake obwera ku Joni, ayenera kudziwa bwino chimene ali nacho asanatchule mtengo kwa anzake okonda nyenyezi.

Mtundu umene ukukambidwa pano ndi wa chitoliro chachitali, chokhala ndi galasi lalikulu kutsogolo ndi kagalasi kosuzumirapo kumbuyo. Galasi lakutsogolo limasonkhanitsa kuwala ndi kukupinda kuti kukumane pamalo amodzi. Kagalasi kakumbuyo kamangokuza chithunzi chimene chapangika pamenepo. Hans Lipperhey wa ku Middelburg, m'dziko la Holland, adaonetsa makina otere m'chaka cha 1608. Galileo adapanga ake m'chaka chotsatira, ndipo mu Januwale 1610 adaona miyezi inayi yozungulira Jupiter.

Makina oyambawo adali ndi chilema. Galasi limodzi silipinda mitundu yonse ya kuwala mofanana, motero nyenyezi inkaoneka itavala mkombero wa utawaleza. Mankhwala ake adapezeka pophatikiza magalasi awiri osiyana mapangidwe, ndipo John Dollond wa ku London adalembetsa njirayi m'chaka cha 1758. Kuyambira pamenepo galasi lakutsogolo la telesikopu yabwino limakhala magalasi awiri oyandikizana, oikidwa mosamala kwambiri. Mfundo imeneyi ndi imene wogulitsa sayenera kuiiwala.

Dziko la Malaŵi silili kutali ndi mbiri imeneyi. David Livingstone adaphunzira kwa Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi ku Cape Town, njira yodziwira malo pomwe munthu waima poyeza mwezi ndi nyenyezi. Ndiye chifukwa chake adapatsa dzina la Cape Maclear ndomo ija ya kunyanja, imene wochokera ku Sharpevale amaifika podzera ku Golomoti. Komabe wogulitsa asanyengeke ndi mbiri yotere n'kuyamba kuganiza kuti chitoliro chake n'cha nthawi ya atsamunda. Matelesikopu akale ambiri amene amapezeka m'manyumba adapangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo ankagulitsidwa ndi maina monga Tasco ndi Unitron. Ambiri ali ndi galasi la mamilimita 60. Ena mwa iwo ndi abwino zedi, kuposa atsopano otsika mtengo a pulasitiki, koma ukalamba pawokha suwonjezera tambala.

Ntchito yoyamba ndi kuyesa galasi lakutsogolo. Munthu alowe m'chipinda chamdima, awalitse tochi chammbali mwa galasilo, ayang'anitsitse. Fumbi lisamdetse nkhawa. Silichotsa kanthu pa chithunzi. Choopsa ndi timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, toyambira m'mphepete kulowa pakati. Imeneyo ndi nkhungu, imene imamera telesikopu ikatsekeredwa m'bokosi dzinja lonse. Ikakhala yatsopano imachoka, koma ikakhalitsa imadya utoto wopyapyala wa pagalasi, nthawi zina ndi galasi lomwe, ndipo chipseracho sichifafanizika. Apa ndi pamene ambiri amaononga chuma chawo. Pofuna kuti katundu awale pamaso pa wogula, amapukuta galasi ndi chitenje kapena mpango, mchenga n'kulikanda. Ena amafika pomasula magalasi awiri aja, powabwezera n'kutembenuza limodzi kapena kutaya tizidutswa topyapyala timene timawalekanitsa. Telesikopu yotero imangoonetsa chimbuuzi. Wodziwa za nyenyezi amakonda kugula galasi lafumbi losakhudzidwa kusiyana ndi lonyezimira lokandika.

Zotsalazo sizichedwetsa. Miyendo itatu yamatabwa aione ngati chiswe sichidaloweko, ndi ngati sigwedera, pakuti pokuza chithunzi kugwedera nakonso kumakula. Timagalasi tosuzumirapo atiwerenge ndi kuyeza kukula kwake. Matelesikopu akale a ku Japan amalandira ta mainchi 0.965, pamene ta masiku ano n'ta mainchi 1.25, wogula auzidwiretu, chifukwa tatsopano sitilowa popanda cholumikizira.

Pa nkhani ya mphamvu pamafunika chilungamo, ndipo masamu ake ndi a kupulaimale. Pachitoliro pamalembedwa manambala awiri, monga D=60 ndi F=900. Nambala yachiwiriyo ikagawidwa ndi nambala ya pakagalasi kosuzumirapo, yankho ndiye kukuza kwake: 900 kugawa ndi 20 ndi 45. Malire a kukuza kwaphindu ndi pafupifupi kawiri kukula kwa galasi m'mamilimita, ndiye kuti 120 pa galasi la 60. Mabokosi ena adalembedwa manambala aakulu kuposa apa pofuna kukopa ogula. Wobwereza manambala amenewo kwa mnzake wodziwa amangodzichotsera ulemu.

Malonda enieni ayenera kuchitika usiku, panja, wogula ataika diso lake. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, utsi wa moto wa tchire usanadzaze m'chigwa. Mwezi ukhale wa theka, pakuti pamalire a kuwala ndi mdima ndi pamene maenje ndi mapiri ake amaonekera; mwezi wathunthu umangothobwa m'maso. Ngati Jupiter ali kumwamba, timiyezi take tioneke ngati timadontho takuthwa. Nyenyezi yowala ikhale kadontho kozungulira, osati kokhala ndi mchira.

Ogula m'dziko muno ndi owerengeka: aphunzitsi a sayansi m'masekondale, ophunzira a ku yunivesite, ndi anthu ena apaokha. Kummwera kuli bungwe la okonda nyenyezi, Astronomical Society of Southern Africa, limene lidayamba m'chaka cha 1922, koma kutumiza chitoliro chotalika mita imodzi ndi miyendo yake mpaka kumeneko kungathe kudya phindu lonse. Kumsika wa zitsulo zakutha ndiko kosayenera konse, pakuti kumeneko amaona kulemera kokha.

Pali kanthu kamodzi m'bokosi kamene sikayenera kugulitsidwa. Matelesikopu ambiri a zaka zimenezo ankabwera ndi kagalasi kakuda kolembedwa kuti SUN, komangirira ku kagalasi kosuzumirapo. Pamalo pamenepo ndi pamene kutentha konse kwa dzuwa kumasonkhana, ndipo kagalasiko kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Khungu lake lilibe mankhwala. Amene adaona kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene Lusaka idachita mdima masana, akukumbukira mmene ana ndi akulu omwe adathamangira kuyang'ana kumwamba ndi chilichonse chimene adachipeza, ndipo kadamsana adzabweranso. Wogulitsa akachotse kagalasiko, akaphwanye ndi mwala wogula akuona, ndipo amfotokozere chifukwa chake, makamaka ngati telesikopuyo ikupita kusukulu.