Nyumba yosungira tulo ta mitengo ya bonsai

Amene analowapo mu greenhouse yolimamo tomato kapena tsabola amadziwa mmene mumakhalira: ukangoponda mkati thukuta lili kamukamu. Ambiri timaidziwa choncho nyumba ya pulasitiki kapena magalasi, kuti ntchito yake ndi kusunga kutentha. Koma kumadera ozizira kwambiri, monga Canada, Poland, kumpoto kwa Japan ndi chigawo cha Minnesota ku America, kuli anthu amene amamanga nyumba yomweyi akufuna kuti mkatimo muzizizira ndithu, bola kuzizirako kukhale kwa muyeso. Anthuwa ndi osamalira mitengo ya bonsai.

Bonsai ndi mtengo weniweni, wofanana ndi unzake wa m'nkhalango, koma wolimidwa m'kambale kadothi kosaya. Mwini wake amautengulira nthambi, kuudula mizu ndi kuupinda ndi waya mpaka uzioneka ngati chimtengo chakalekale, pamene msinkhu wake mwina sufika m'chiuno. Lusoli linayambira ku China, komwe amalitcha penjing, ndipo linakhwimira ku Japan. Mitengo yake imakhalitsa kuposa eni ake. Ku National Bonsai and Penjing Museum mumzinda wa Washington kuli paini amene wakhala akusamalidwa m'mbale kuyambira mu 1625. Bomba la atomiki litaphulika ku Hiroshima mu 1945, mtengowu unali pakhomo pa banja la Yamaki, makilomita atatu okha kuchokera pomwe linaphulikira, koma mpanda unautchinga. Masaru Yamaki anaupereka ku America mu 1976. Anthu amakonda kukamba za bombalo, ndipo m'pomveka. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti mtengowu wadutsa nyengo zozizira 400, ndipo chaka chilichonse panali munthu wodera nkhawa mizu yake.

Wina angafunse: bwanji osangoulowetsa m'nyumba, pafupi ndi moto, mpaka kuzizira kutapita? Ambiri amene angogula bonsai kapena kupatsidwa ngati mphatso amachita zimenezi, ndipo ndi mmene mitengo yambiri imafera. Mtengo wa kumadera ozizira, monga maple, juniper ndi paini, umafunika kugona. Masana akayamba kufupika, mtengo umasiya kukula, ina imayoyola masamba, ndipo timaso ta panthambi timatsekeka. Kuti timasoti tidzaphukire bwino, mtengo uyenera kukhala pozizira, cha pakati pa madigiri 0 ndi 7, kwa maola mazanamazana, ina mpaka kupitirira 1,000. Amenewo ndi masabata asanu ndi limodzi a kuzizira kosalekeza. Ukamanidwa tulo timeneti umaphukira mwa apo ndi apo, umafooka, pamapeto pake n'kuuma. Nkhani yake ndi yomwe imachititsa kuti mapichesi azibereka kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, koma osachita bwino kuchigwa cha Shire: nawonso amawerenga maola a kuzizira kwa Juni ndi Julaye.

Ndiye ngati umafuna kuzizira, osangousiya panja bwanji? Vuto lili m'mbale. Mtengo pokonzekera chisanu umaunjika shuga m'maselo ake ndi kuchepetsamo madzi, kuti madzi akamaundana aziundanira kunja kwa maselo, asawang'ambe. Nthambi ndi thunthu zimakonzeka kwambiri, mizu pang'ono chabe. Mtengo wa m'nkhalango sufunikira kulimbitsa mizu, chifukwa nthaka imasunga kutentha, ndipo chipale chofewa chikagwa pamwamba chimakhala ngati bulangeti. Kunja kumatha kufika madigiri 25 pansi pa ziro, monga zimachitikira ku Minnesota mu Januwale, mizu ili pansi osamva zambiri. Koma mizu ya bonsai ili m'dothi lokwana m'manja awiri, mphepo ikuomba mbale mbali zonse ndi pansi pomwe. Pakangopita maola ochepa dothilo limazizira mofanana ndi mpweya wakunja. Mizu ya maple ya ku Japan imayamba kufa cha pa madigiri 10 pansi pa ziro, pomwe nthambi zake zikanapirira kuposa pamenepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti imfayi sioneka msanga. Nyengo yofunda ikafika mtengo umatha kutulutsa masamba ndi chakudya chimene unasunga m'thunthu, mwini wake n'kusangalala, kenako masambawo n'kufota onse chifukwa pansi palibenso muzu womwa madzi.

Mitengo yosayoyola masamba ili ndi mdani wina. Paini ndi juniper zimapitiriza kutaya madzi kudzera m'masamba, makamaka dzuwa likawala kapena mphepo ikamaomba. Dothi likakhala gwa ndi ayezi, mizu singakoke kanthu. Mtengo umafa ndi ludzu uli pamadzi. Mbale nayonso imatha kusweka, poti madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo mbale zina zakale za ku China ndi Japan ndi zodula kuposa mtengo womwe uli mmenemo.

Apa ndi pamene pamabwerera greenhouse. Ku Japan malo osungiramo bonsai m'nyengo yozizira amawatcha muro. Ena amagwiritsa ntchito galaja yopanda moto, ena amakwirira mbale m'nthaka n'kufunditsa makungwa ogayagaya. Ubwino wa greenhouse ndi wakuti imatchinga mphepo, imalowetsa kuwala, ndipo munthu atha kulowamo n'kuona mtengo uliwonse. Ambiri amayesetsa kuti mkatimo mukhale cha pakati pa digiri 1 ndi madigiri 5. Amaikamo hita yaing'ono yodziyatsa yokha kuzizira kukafika poundanitsa madzi, n'kudzizimanso kukangofunda pang'ono. Ena amaikamo migolo yodzaza madzi, imene imamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Mbale amaziika pansi osati pathandala, chifukwa nthaka imapuma kampweya kofunda.

Koma chimene chimapha mitengo yambiri mu greenhouse ndi dzuwa. Tsiku lowala la mu Febuluwale, kunja madzi ali oundana, m'nyumba yotsekedwa ya magalasi mutha kufunda kupitirira madigiri 20. Mtengo umene wakwanitsa kale maola ake a tulo umangodikira chizindikiro chimodzi, kufunda. Ukachilandira kwa masiku angapo, madzi amayamba kuyenda m'thunthu, timaso timatupa, ndipo kulimba konse kumene unakusonkhanitsa kwa miyezi kumatha m'masiku ochepa. Mtengo ukadzuka subwereranso kukagona. Usiku umodzi wachisanu, umene sabata yathayo sukanauchita kanthu, tsopano umapsereza mphukira zonse. N'chifukwa chake olima mitengo odziwa ntchito amakuta nyumbazi ndi pulasitiki yoyera ngati mkaka, osati yoonekera mkati, kapena kupaka magalasi laimu, kapena kuyala neti yamthunzi pamwamba. Ena amaimanga dala kumpoto kwa nyumba yawo, komwe kumayiko amenewo dzuwa silifikako. Mazenera odzitsegula okha kukafunda ndi ofunika kuposa hita. Ndinganene mosaopa kuti munthu amene ali ndi ndalama zogulira chinthu chimodzi chokha ayambe wagula choyezera kutentha, chija chimasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku ndi yokwereratu ya masana.

Mmawa wa mu Januwale m'nyumba yotere mumakhala zii. Pamagalasi pali chisanu choyera, munthu akapuma mpweya wake ukuoneka ngati utsi. Mitengo ya maple ili mbulanda, tinthambi take tofiirira tili ngati mitsempha ya padzanja. Mwini wake amayamba wawerenga choyezera chija, kenako amayenda mbale ndi mbale, akupisa chala m'dothi. Likakhala louma ndipo silinaundane, amathirira pang'ono, mmawa womwewo kuti madzi akhe usiku usanafike. Feteleza sathira ngakhale pang'ono. Ena amatapa chipale chofewa panja n'kuchiika pamwamba pa dothi, kuti kukafunda chisungunuke n'kuthirira chokha. Akatero amagwada n'kuyang'ana m'tsinde mwa mtengo uliwonse. Akufunafuna mano a mbewa. Mbewa nazo zimathawira momwemo, ndipo zikasowa chakudya zimakukuta khungwa. Zikalikukuta kuzungulira thunthu lonse, mtengo wa zaka 50 watha usiku umodzi. Choncho m'mipata yonse amatsekamo ndi sefa yawaya, misampha ili m'makona. Masamba ogwa amatola onse, chifukwa m'chinyontho chopanda mphepo chuku chotuwa chimafala msanga, ndipo ambiri amasiya fani yaing'ono ikuzungulira usana ndi usiku.

Zonsezi ndi za mitengo ya kozizira. Ya kotentha, monga ficus, yomwe ndi mbale wake wa kachere ndi mkuyu, m'nyumba yozizira chonchi ingafe. Imafuna malo osatsika madigiri 10 mpaka 15, ndi kuwala kokwanira. Mlambe nawo anthu amaulima ngati bonsai, makamaka ku South Africa, ndipo ena ku Ulaya amaudzala kuchokera ku nthanga. Tulo take n'tosiyana. Umayoyola masamba chifukwa cha chilimwe, ndiye ukakhala wopanda masamba umafuna pofunda ndi pouma. Kuuthirira nthawi imeneyo, dothi lili lozizira, ndi kuuoletsa mizu. Amene ali ku Britain ndipo ali ndi kamlambe pazenera asiye kuthirira masamba akangogwa, adikire mpaka timaso tiyambe kutupa.

Nthawi yotopetsa kwambiri ndi ya kumapeto, mu Malichi ndi Epulo. Mitengo yayamba kuphukira ndipo ikufuna dzuwa, apo ayi mphukira zimatalika mowonda ndi motuwa, maonekedwe amene munthu anawavutikira zaka n'kuonongeka. Koma usiku chisanu chikhoza kubwerabe. Ndiye mmawa amanyamula mbale imodziimodzi kutulutsa panja, madzulo akamva zanyengo kuti kuzizira kutsika pansi pa ziro, amazinyamulanso kubwezera mkati. Mbale zina n'zolemera moti zimafuna anthu awiri kapena wilibala. Amene ali ndi mitengo 40 amatero mwina masabata atatu kapena anayi, mpaka usiku wachisanu womaliza utadutsa.