Kusankha yunivesite: dzina lotchuka kapena zimene thumba lingakwanitse?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'mabanja ambiri mumabuka mkangano. Mwana akufuna sukulu yomveka dzina, pomwe makolo akuwerengetsa matumba a chimanga amene angagulitse. Onsewa ali ndi mfundo.

Dzina lili ndi ntchito yake

Tisanamizane, Chanco ndi Poly ndi mayina olemera. Ngakhale University of Malawi inagawidwa mu 2021 n'kubala MUBAS (imene kale inali Poly) ndi KUHeS, mabwana ambiri olemba ntchito anaphunzira komweko, ndipo amakhulupirira digiri imene akuidziwa. Kulinso maphunziro amene malo ake ndi odziwika: zaulimi ku Bunda, udokotala ku KUHeS. Boma likakusankhirani kumeneko, yesetsani kupita, poti fizi ya m'mayunivesite a boma ndi yotsikirapo kuyerekeza ndi ambiri omwe si a boma.

Fizi si mtengo wonse

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amaona fizi ya chaka choyamba, n'kugulitsa ng'ombe kapena munda, osaganizira zaka zitatu zotsalazo. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, choncho ophunzira ambiri amachita lendi kunja, ku Chikanda ku Zomba kapena ku Chitawira ku Blantyre. Onjezanipo chakudya, thiransipoti, laputopu, bandulo ya intaneti ndi kusindikiza ntchito za m'kalasi. Kwacha ikagwa mphamvu, monga zinachitikira mu November 2023, zonsezi zimakwera nthawi imodzi.

Chimandiwawa kwambiri ndi mwana wanzeru amene wasiyira sukulu panjira m'chaka chachitatu. Ndalama zapita, pepala palibe. Wa ku Rumphi amene waphunzira ku Mzuni kapena ku Livingstonia, kufupi ndi abale omupatsa ufa, akhoza kumaliza mwamtendere kuposa mnzake amene akugona ndi njala kutali chifukwa chotsata dzina.

Funsani kaye za NCHE

Kutchipa nakonso kuli ndi msampha. Musanalipire ngakhale tambala, fufuzani ngati bungwe la NCHE linavomereza sukuluyo, komanso maphunziro enieniwo amene mukufuna. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka, koma pulogalamu ina ayi. Ofuna unamwino afunsenso ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda chilolezo chawo sangagwire ntchito m'chipatala.

Nanga ngongole?

Bungwe la HESLGB limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, kuphatikizapo a m'mayunivesite ovomerezeka omwe si a boma. Koma opempha ndi ochuluka kuposa ndalama zimene zilipo, ndipo imeneyi ndi ngongole yoti mudzabweze mukamaliza. Banja likhale pansi, lilembe papepala ndalama za zaka zonse zinayi ngati kuti ngongoleyo siibwera, ndipo amalume kapena achemwali amene alonjeza kuthandiza anene poyera kuti azipereka zingati pa temu.