Mmene Kutentha Kumasinthira Zilema za M'kati mwa Chitsulo

Chitsulo chimapangidwa ndi maatomu ondandalikana mwadongosolo, ngati mapando a chimanga m'mizere. Dongosololi likasokonekera, chitsulo chimasintha khalidwe. Osula makasu ndi nkhwangwa ku Dowa ndi ku Ntchisi amazidziwa bwino zimenezi. Chitsulo chikamenyedwa ndi nyundo chili chozizira chimauma n'kuyamba ming'alu, koma chikabwerera pamakala, mvukuto n'kuchifiiritsa, kenako n'kuzizira pang'onopang'ono, chimafewanso.

M'malo opangira magetsi a nyukiliya, monga ku Koeberg pafupi ndi Cape Town komwe anayamba kupanga magetsi mu 1984, chosokoneza maatomu ndi tizinthu totchedwa manyutironi. Timatuluka mu uranium, mwala womwe umapezekanso ku Kayelekera m'boma la Karonga. Nyutironi ikagunda atomu imaichotsa pamalo pake, atomuyo n'kukagundanso anzake. Zilema zimatsala ziwiri: malo opanda kanthu, ndi maatomu opanikizika pakati pa anzawo.

Tsogolo la zilemazi limadalira kutentha. Pa madigiri 250 pansi pa ziro, zonse zimakhala phee pomwe zapangikira. Pofika madigiri pafupifupi 150 pansi pa ziro, maatomu opanikizika aja amayamba kuyenda ndipo ambiri amagwera m'malo opanda kanthu, chilema n'kutha. Malo opanda kanthuwo amachedwa. Amayamba kusuntha pa madigiri pafupifupi 50 pansi pa ziro.

Thanki yachitsulo yosunga moto wa nyukiliya imagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 290. Apa zilema zambiri zimadzikonza zokha, koma zotsala zimaunjikana m'timagulu, nawo maatomu a kopa opezeka m'chitsulomo amasonkhana m'timibulu. Timaguluti timaletsa mizere ya maatomu kutsetsereka, choncho chitsulo chimauma ndipo chikhoza kusweka m'malo mopindika, makamaka chikazizira mwadzidzidzi. Pakati pa madigiri 400 ndi 500, chitsulo chikamawombedwabe ndi manyutironi, malo opanda kanthu amaphatikizana kukhala timphako ndipo chitsulo chimafufuma pang'ono.

Mankhwala a kuuma kwa thanki ndi omwe aja a wosula. Mu 1996 akatswiri a ku Loviisa m'dziko la Finland anazimitsa makina n'kutenthetsa mbali ya thanki yawo pa madigiri 475 kwa masiku angapo, timagulu tambiri n'kumwazika. Pofuna kudziwa nthawi yochitira zimenezi, tizidutswa ta chitsulo chomwecho timaikidwa m'thankimo, ndipo pakapita zaka timatulutsidwa n'kuthyoledwa kuti kulimba kwake kuyezedwe.