Kuphunzitsa Ana Masamu a M'mutu

Munthu wolandira malipiro ace ku mgodi, kapena mai wogula ndiwo pa msika wa Chisokone ku Kitwe, alibe nthawi yofuna pensulo ndi pepala. Wogulitsa akapereka cenji, wogula ayenera kudziwa pomwepo ngati ndalama zakwana. Amene sadziwa kuwerengera m'mutu amataya ndalama zace pang'ono pang'ono osazindikira. Nzeru imeneyi iyenera kuyamba mwana akali wamng'ono, ndipo maziko ace ndi khumi.

Cinyanja ceniceni cimathandiza pa nchitoyi. Pochula 7 anthu amati zisanu ndi ziwiri, ndipo pochula 8 amati zisanu ndi zitatu. Mwana akafunsidwa kuonkhetsa 7 ndi 8, ayambe waphatikiza zisanu ziwirizo kuti zikhale khumi. Zotsala, ndizo ziwiri ndi zitatu, zipanga zisanu, ndipo yankho ndi 15. Poyamba mphunzitsi amuonetse zimenezi ndi timiyala, nyemba kapena timitengo tomanga m'mitolo ya khumi khumi, kufikira mwanayo atha kuona mitoloyo m'maganizo mwace.

Njira yaciwiri ndiyo kukweza nambala kuti ifike pa khumi lapafupi. Wogula zinthu zitatu za K19 cimodzi awerenge ngati ciri conse ndi K20. Zitatu zikwana K60. Pamenepo acotse K3 imene anaonjeza, ndipo mtengo weniweni ndi K57.

Njira yacitatu ndi ya cenji. Munthu akagula zinthu za K63 napereka K100, asabvutike ndi kucotsera. Ayambe pa 63 kuwerenga cokwera. Kufika pa 70 pali 7, ndipo kucokera pa 70 kufika pa 100 pali 30. Cenji cace ndi K37.

Ana a kale anali ndi nchito yaikulu koposa, pakuti mapeni 12 ndiwo anali kupanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 anali kupanga paundi. Pa 16 Januwale 1968 dziko la Zambia linayamba kugwiritsa nchito kwacha ndi ngwee, ndipo ngwee 100 zipanga kwacha imodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndalama ziyenda m'makumi, monga momwe mwana aphunzirira ku sukulu.

Mwana akayankha, mphunzitsi asalekere pa kunena kuti wakhoza kapena walakwa. Amufunse njira imene wadzera. Mwana wofotokoza njira yace amaigwira kolimba, ndipo anzace amaphunzirapo. Woloweza pamtima cabe amasokonezeka manambala akasintha, ndipo woopsezedwa ndi ndodo amadana ndi masamu.

Makolo nawonso ali ndi mbali yao. Potuma mwana ku sitolo, amufunse asananyamuke kuti cenji cidzakhala cingati. Akabwera, awerenge ndalamazo pamodzi naye.