Amakaniko Othandiza Injini Kupuma

Paipi ya pulasitiki yomwe tinazolowera kuiona ikutulutsa madzi m'bafa, masiku ano imapezekanso itatuluka m'boneti ya Hilux, n'kukwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, itamangidwa ndi makilampu awiri ndi mphira wa chubu. Imeneyi ndi ntchito ya amakaniko a pansi pa mtengo, omwe amakonza galimoto zonyamula nandolo ndi chimanga kwa Mkhumba ndi madera ena a ku Phalombe. Luso lawo limandisangalatsa, koma limandidetsanso nkhawa.

Nzeru yake, yolowetsa mpweya wa panja mu injini, ndi yoona ndithu. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wa injini, ndipo imatha kuzungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, n'kumakankhira mpweya m'kati. Mpweya wozizira umakhala wothinana, motero mafuta amapsa bwino. Wa m'boneti ndi wotentha, ndipo galimoto imalefuka nawo pachitunda. Ku Japan ndi ku Ulaya achinyamata amasintha mapaipiwa pofuna liwiro. Kuno chimene chimakakamiza anthu ndi thumba. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya zinakwera mtengo kwambiri. Paipi ya fakitale ikang'ambika, mwini galimoto sangayerekeze kukwera basi kukasaka ina ku Limbe nandolo akudikira. Amauza makaniko kuti achite zimene angathe, ndipo makanikoyo amatenthetsa paipi ya pulasitiki pa mbaula, kuipinda pang'onopang'ono, kuyeza ndi maso, mpaka italowa.

Amakanikowa sagwirizana okhaokha. Achikulire amanena kuti bokosi la sefa lomwe galimoto inabwera nalo lisachotsedwe, chifukwa amene analipanga sanali opusa. Anyamata amakonda sefa yosongoka ija yotchipa, ati imapatsa injini mawu okoma. Koma sefa yotere ikakhala m'boneti mopanda chotchinga, imakoka mpweya wotentha womwewo umene ankauthawa. Phokoso limakula, mphamvu ayi. Pulasitikinso ikayandikira turbo imafewa n'kulekana pa mfundo.

Pamfundopo ndi pamene pali vuto lenileni. M'chilimwe, misewu yolowera kunyanja ya Chilwa imakhala fumbi lokhalokha. Kampata kakang'ono pakati pa sefa ndi turbo n'kokwanira kulowetsa mchenga umene umadya timasamba ta turbo, kenako maring'i a pisitoni. Galimoto imayamba kumwa oilo ndi kufuka utsi wabuluu, ndipo ndalama imene inapulumutsidwa pa paipi imathera pa injini, n'kuwonjezerapo ngongole. Woimbidwa mlandu amakhala makaniko yemwe uja, amene mwina analipidwa theka lokha, lina n'kulonjezedwa kuti alandira akagulitsa mbewu.

Kumbali ya madzi ndiye ndimawayamikira. Anthu a ku Phalombe sanaiwale namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Injini ya dizilo ikamwa madzi pomwe ikulira imapinda ndodo za pisitoni nthawi yomweyo, choncho kukweza kamwa la paipi kufika padenga n'kwanzeru, bola mfundo zonse zimatidwe bwino.

Amakanikowa anaphunzira ntchito pogwirira masipanala mabwana awo, ndipo akusowa maphunziro afupiafupi a za turbo, omwe bungwe la TEVETA lingathe kuwafikitsira m'maboma. Inu eni galimoto, makaniko akakuuzani kuti mugule sefa yeniyeni, gulani, ndipo mumulipire ndalama yake yonse.